Sewero la Chilembwe landisokonezera ana pa mayeso

Mphunzitsi wa History, Phalombe: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ana anga anachita sewero la kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Linakoma, ngakhale ogona kumbuyo aja anadzuka. Koma pa mayeso ambiri alemba kuti Chilembwe anaperekedwa kwa Azungu ndi mlongo wake. Mlongoyo tinangomupeka kuti atsikana nawo apeze mbali! Ndingowasiya masewerowa?

Madamu a ku Chiradzulu: Musasiye, sala. Chavuta n'choti munthu wopekayo munamupatsa chiwongolero cha nkhani. Pekani munthu wamba: mayi wa thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, akupalira thonje la bwana pamene munda wake womwe watuwa ndi udzu, tchalitchi chake cha PIM, mpingo wa Chilembwe, atachitentha. Mayi ameneyo alire, adandaule, akangane ndi kapitawo mmene ana akufunira. Koma zochita za Chilembwe, wothandizana naye John Gray Kufa ndi bwana woyang'anira esitetiyo William Jervis Livingstone zikhale momwe zinalembedwera, osathira mchere.

Mphunzitsi wa ku Mzimba: Ine nkhawa yanga ndi nthawi. Mapiriyodi angati atha ndi kuyeserera? MANEB sifunsa sewero, abale.

Madamu a ku Chiradzulu: Achimwene, kuyeserera n'kwa kalabu ya drama masana. Ajambule mawu okha pa foni ngati sewero la pa wailesi, mphindi 10 basi, mumvetsere m'kalasi pa kasipika. Likatha, dulani bolodi pakati: uku "zili ndi umboni", uku "tapeka". Ana azibwera okha ndi choko kudzaika chilichonse chomwe amva. Mkangano umene umabuka pamenepo ndiye phunziro lenilenilo.

Mphunzitsi wopuma, Zomba: Muwawerengerenso kalata imene Chilembwe analembera Nyasaland Times mu Novembala 1914, yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Amve mawu ake enieni asanamuike mawu m'kamwa. Musamalenso madeti. Ana amalemba 15 Januwale chifukwa cha holide yokumbukira Chilembwe, chonsecho kuukira kunayamba usiku wa pa 23 Januwale, ndipo iye anaphedwa pa 3 Febuluwale kufupi ndi Mulanje.

Mphunzitsi wa History, Phalombe: Zikomo bambo. Mlongo uja ndimusandutsa mayi wa thangata. Madamu, munditumizireko ku inbox sewero lanu lojambulalo, ndimve kutalika kwake.