Tochi yoonera ma swirl pa penti: ndigule yotani?

Mphatso: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Galimoto zakuda, makamaka Toyota za penti ya nambala 202, zimaoneka zosalala bwino m'galaja pansi pa machubu a magetsi. Zikangotuluka padzuwa, boneti yonse imadzaza timizere ngati ukonde wa kangaude. Ndikufuna tochi yoti ndiziunikira galimoto isanapite kwa mwini wake. Pamsika ndapeza za zoom (zokulitsa ndi kuchepetsa bwalo la kuwala) zolembedwa 10,000 lumens, womwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa kuwala, komanso zazitali za COB (kamtunda ka ma LED ambirimbiri) za maginito zija. Yabwino ndi iti?

A Gondwe: Achimwene, COB yaitali ija isiyeni kaye, imeneyo ndi yogonera pansi pa injini. Pa ntchito iyi chofunika si kuchuluka kwa kuwala ayi, koma kuchepa kwa malo amene kuwalako kukuchokera. Timizere timene timati ma swirl sitozungulira kwenikweni. Timaloza mbali zonse, koma timene timabweza kuwala m'maso mwanu ndi tokhato timene tagona mopingasa ndi kumene kuwala kukuchokera, n'chifukwa chake timaoneka ngati tazungulira dzuwa. Mukasuntha, bwalolo limasuntha nanu.

Ndiye kuwala kukachokera pa kadontho kamodzi, kamzere kalikonse kamanyezimira pakati pa penti yakuda n'kuonekera. Chubu cha mita 1.2 chimaunika kamzere komweko kuchokera mbali zambiri nthawi imodzi, pentiyo yonse n'kuwala mofanana, kamzere n'kubisala. COB ya kamtunda ka ma LED ambirimbiri imachitanso chimodzimodzi, kungoti pang'ono. Machubuwo ali ndi ntchito yawo: kuonera zibonyo ndi orange peel (penti yokhakhala ngati khungu la lalanje), poyang'ana ngati chithunzi cha chubu chawongoka kapena chapindika. Za ma swirl pezani tochi ya LED imodzi yaing'ono, basi.

Che Jafali: Ndiwonjezepo za manambala. 10,000 lumens pa katochi ka batire limodzi ndi nkhambakamwa. Katochi kotero kakanatentha osagwirika. Ndipo simukufuna n'komwe zochuluka choncho. Pakati pa 150 ndi 400 lumens ndi zokwana, ndipo nthawi zambiri muzitsitsa. Kuwala kukachuluka kumabwerera m'maso, mumachita khungu, timizere tating'ono timamizidwa. Choncho yang'anani tochi yoti ili ndi masiteji atatu kapena anayi, osati ija ya kuyatsa, kuthima ndi kuphethiraphethira.

Onaninso batire. La saizi ya 18650 lenileni limathera cha m'ma 3,500 mAh, womwe ndi muyeso wa moto umene batire limasunga. Mukaona lolembedwa 9,900 mAh, dziwani kuti ndi lachinyengo, ndipo ambiri mwa amenewo amapepuka mukawanyamula. Batire lofooka limachititsa kuti tochi izizilala mukadali pakati pa ntchito, chitseko choyamba mwaunika ndi kuwala kwina, chachinayi ndi kwina.

Mphatso: Ndamva. Ndiye za zoom zonse n'zosathandiza?

Nabanda: Pamenepo ine ndisiyana nawo pang'ono anthu amene amanyoza zoom. Mukaitsegula mpaka kumapeto imatulutsa bwalo lalikulu lowala mofanana paliponse, lopanda kadontho kothobwa m'maso pakati. Pa penti zimenezo n'zabwino kuposa tochi ya reflector (kambale konyezimira kozungulira LED) yakuya yopangidwira kuunika patali. Musaitseke zoom, chifukwa imajambula kabokosi ka LED pa penti, simuonanso kanthu.

Vuto la zotchipa lili pawiri. Loyamba, kuwala kwake n'kwabuluu kwambiri, kumatopetsa maso msanga ndipo pa siliva simuona chilichonse. Lachiwiri, zikakhala pa siteji yotsika zimaphethira mofulumira moti diso silizindikira, koma mutu umayamba kuwawa. Yesani musanalipire: iyatseni potsika, gwedezani zala patsogolo pake. Zala zikaoneka zodukaduka ngati zambirimbiri, ibwezeni. Kamera ya foni imaonetsanso mizere yoyenda ikaloza tochi yotero.

Ngati muli ndi ya reflector kale, musalozetse pakati pake pa penti. Ipendeketseni, mugwiritse ntchito kuwala kwa m'mphepete.

Yamikani: Kodi kumata tepi yoyera kapena kapepala kutsogolo kwa tochi kuti kuwala kufewe sikungathandize?

A Gondwe: Ayi mphwanga, pamenepo ndiye mwaononga. Kapepalako kamasandutsa kadontho kuti kakhale chinthu chachikulu chowala, mwabwerera ku chubu chija. Ngati ikuthobwa, tsitsani siteji kapena italikitseni.

Nabanda: Tikambeko za mtundu wa kuwala, poti galimoto si zakuda zokha. Nambala ya K (Kelvin), yosonyeza mtundu wa kuwala, ikakwera kuwala kumapita ku buluu, ikatsika kumapita ku chikasu. Pa penti yakuda, yabuluu wakuda ndi yofiira yakuda, 5,000K mpaka 6,500K imagwira bwino. Pa yoyera ndi siliva, monga 070 ya pearl ija kapena 1F7, kuwala koyera kumabalalika pa timiyala ta metallic, zonse n'kungoti mbee. Pamenepo kuwala kwachikasu kwa 3,000K mpaka 4,000K, kotsika mphamvu, kumaonetsa bwino. Amisiri akale ankakonda nyali za halogen pa chifukwa chomwechi, kungoti zimatentha ndipo zimawumitsa polishi pa penti.

Amene ali ndi ndalama ya tochi imodzi yokha atenge ya 4,500K kapena 5,000K, ili pakati. Za CRI, nambala yosonyeza mmene kuwala kumaonetsera mitundu molondola, musavutike nazo kwambiri ngati ntchito yanu ndi kupolisha kokha. CRI yoposa 90 imafunika kwa wopopera penti amene akufananiza mtundu wa chitseko chatsopano ndi madigadi. Kamzere kamaoneka ndi CRI ya 70 yomwe.

Che Jafali: Mayina, kwa amene akuitanitsa kunja kapena ali ndi wachibale ku Joni. Scangrip, kampani ya ku Denmark, ili ndi Sunmatch, yomwe zatsopano zake mumasintha mtundu wa kuwala kuchoka ku chikasu mpaka koyera. Rupes ya ku Italy ili ndi katochi konga cholembera kopangidwira ma swirl. Sun Gun ya 3M ndi ya ofananiza mitundu, yodula, musataye ndalama ngati simupopera. Yotsikirako mtengo ndi Convoy S2+, ya batire la 18650, ndipo pogula mumasankha nokha LED ndi nambala ya K. Ya Nichia 519A ndi yabwino. Ena amatenga ziwiri, yachikasu ndi yoyera, n'kuthera pamenepo.

Tochi ya foni musainyoze. LED yake ndi kadontho kakang'ono kwambiri. Pamdima, masentimita 20 mpaka 30 kuchoka pa penti yakuda, imaulula zambiri kuposa COB yodula. Kufooka kwake ndi pa penti yoyera komanso pamalo owala.

A Gondwe: Komatu tochi yokha sikuthetserani vuto lanu, a Mphatso. Zimene mwafotokozazo zili ndi gwero lachiwiri: mafuta a polishi. Compound (polishi yaukali yoyambira) ndi polishi zimasiya mafuta amene amadzaza timizere, penti n'kuoneka yathanzi. Galimoto ikatsukidwa kamodzi kapena ikakhala padzuwa, mafuta amachoka, timizere timabwerera. Musanaunike pukutani ndi panel wipe (mankhwala ochotsa mafuta pa penti), kapena IPA (sipiriti wa isopropyl alcohol) yosungunula: gawo limodzi la IPA ya 99% ku magawo 4 kapena 5 a madzi oyera. Poperani pa nsalu ya microfibre, osati pa penti yotentha, pukutani mopepuka, mutsatize ndi nsalu youma. Sipiriti wapepo wa m'golosale ayi. Penti yongopopera kumene, yosakhwima, musaiyandikize IPA.

Kaunikidwe kake ndi aka. Tsekani chitseko cha galaja, thimitsani machubu. Tochi ikhale masentimita 40 mpaka 60 kuchoka pa penti, pafupi ndi tsaya lanu, kuti muone kadontho ka LED m'pentimo. Maso asakhale pa kadonthoko, akhale pozungulira pake, ndipo muyang'ane pamwamba pa penti, osati chithunzi chakuya chimene chili mkati. Yendetsani tochi pang'onopang'ono, kumanzere kupita kumanja, kenako m'mwamba kupita m'munsi. Mukatha bwererani m'mbuyo mita imodzi, muunikenso chopendeketsa. Zina zimaoneka pafupi, zina patali pokha.

Poyamba ntchito matani tepi pakati pa boneti, mupolishe mbali imodzi pa malo a masentimita 40 mbali zonse, muchotse tepi, mupukute, muunike pamene panali tepipo. Padi ndi polishi zikalephera pamenepo, zilepheranso galimoto yonse.

Nabanda: Ndipo muzidziwa kuwerenga zimene tochi ikukuonetsani, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana.

Timizere tozungulira kadontho ka LED ndi ma swirl a kutsuka, ochokera ku siponji yafumbi, ndowa imodzi ndi chisanza chopukutira. Mizere yaitali yonyezimira imene imavina mukagwedeza tochi, yotsata njira imene mashini anadutsa, ndi ma hologram. Amenewo ndi a rotary, mashini opolishira ongozungulira, makamaka ndi padi ya ubweya, padi yodetsedwa kapena mukaipendeketsa. Amachoka ndi DA (mashini ozungulira uku akugwedezeka), padi yofewa ndi polishi yomalizitsira. Chifunga chotuwa chozungulira kadontho, moti kadonthoko sikaoneka kakuthwa, ndi compound yaukali pa penti yofewa, ndipo 202 imatchuka nazo. Timizere tofanana tondondozana pamalo amodzi ndi ta sandipepa, kusonyeza kuti munalumpha kuchoka pa P1500 osadutsa pa P2000 ndi P3000. Tokhotakhota ngati sipuling'i ndi kamchenga kamene kanalowa pansi pa sanda.

Pa 202 samalaninso ndi nsalu yanu yomwe. Mukaona timizere towongoka totsata mmene dzanja linayendera, si mashini ayi, ndi nsaluyo. Sinthani, tengani yatsopano yopanda msoko m'mphepete.

Che Jafali: Chenjezo langa ndi lakuti tochi yabwino imapusitsa. Imaonetsa zinthu zoti mwini galimoto sadzaziona, inu n'kumangofukula penti. Kuchindikala kwa penti yonse ya ku fakitale kumakhala ma micron 100 mpaka 150 (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi), ndipo za ku Japan zambiri zimatsikira m'munsimo kapena kucheperapo. Clear coat yokha, penti yoonekera mkati ya pamwamba, ndi pafupifupi 35 mpaka 50. Kamzere kakuya kamene chikhadabo chikukodwa musakathamangitse. Kafewetseni m'mphepete kuti kasanyezimire, kasiyeni. Geji yoyezera kuchindikala kwa penti ikamawerenga pansi pa 80, compound yaukali ibwerere m'kabati. Ikawerenga 300 kapena kuposa, pamenepo panapoperedwanso. Geji wamba siwerenga pa bampa ya pulasitiki, ndipo pulasitiki imasunga kutentha, ndiye chepetsani liwiro. M'mphepete mwa zitseko ndi pa mizere yakuthwa ya bodi matanipo tepi, penti imakhala yopyapyala pamenepo.

Yamikani: Nanga Toyota yoyera ya 040? Padi yakuda imatuluka itayera, ndipo tochi siionetsa kanthu.

A Gondwe: Zambiri za 040 zilibe clear coat, mukupolisha mtundu weniweniwo, n'chifukwa chake padi ikuyera. Si vuto. Ingotsukani padi pafupipafupi chifukwa imadzaza msanga. Pa penti imeneyo chachikulu chimakhala kutuwa kwa dzuwa, osati ma swirl. Tengani tochi yachikasu pa siteji yotsikitsitsa, mdima wathunthu, muitalikitse mita imodzi, ndipo muone ngati kadontho ka LED kali ndi m'mphepete mwakuthwa. Kakakhala kofufuma, ntchito ikadalipo.

Mphatso: Zikomo akuluakulu. Ndiyamba ndi ya LED imodzi ya 5,000K ndi botolo la IPA, yachikasu ibwera pambuyo. Funso lomaliza: ya pamutu ingalowe m'malo mwa ya m'manja?

Nabanda: Pogwira mashini imathandiza, bola ikhale ya LED imodzi osati ya kamtunda ka COB. Koma poyendera komaliza tengani ya m'manja. Ya pamutu imayenda limodzi ndi maso anu, ngodya yake siisintha, ndiye ma hologram ena amakudutsani. Ndipo ngati kunja kuli dzuwa, itulutseni galimoto muizungulire kawiri musanapake wax kapena coating, chifukwa coating ikauma pamwamba pa timizere kuichotsa kwake ndi kupolishanso.