Khoma la hosteli ya atsikana: tilembepo ndani?

Mlembi: Moni nonse. Hosteli yafoleredwa. Tinagwirizana kuti pa khoma la chipinda chowerengera pajambulidwe mbiri ya amayi omwe anamenyera ufulu wa akazi. Wojambula akufuna mayina Loweruka lisanafike. Tilembepo ndani?

Msungichuma: Ine ndisabise mawu. Zimbudzi sizinathe, mpope sunafike. Mwana sasamba mbiri. Penti ya zithunzi idikire kaye.

Aphunzitsi opuma: Bambo Msungichuma, zimbudzi palibe akuzikana. Koma ine ndaphunzitsa atsikana amene ankaganiza kuti kuvota ndi sukulu zinangogwa ngati mvula. Dziko loyamba kulola amayi kuvota pa chisankho cha dziko lonse ndi New Zealand, mu 1893. Ku Britain amayi anamangidwa, ena n'kukana kudya m'ndende mpaka kumawadyetsa mokakamiza, ndipo anadzavota mofanana ndi abambo mu 1928. Ku Switzerland anadikira mpaka 1971. Mwana akadziwa zimenezi sangaseweretse mpando wake m'kalasi.

Membala wa ku Johannesburg: Zoona amayi, koma zisakhale za azungu zokhazokha. Kuno pa 9 Ogasiti 1956, amayi pafupifupi 20,000 anaguba mpaka ku Union Buildings ku Pretoria kukana malamulo okakamiza anthu akuda kuyenda ndi mapasi, patsogolo pali a Lilian Ngoyi ndi anzawo. Masiku ano tsikuli ndi la tchuthi. Nawo amayi a ku Aba ku Nigeria anaukira misonkho ya atsamunda mu 1929.

Namwino: Achimwene mwanena bwino, komabe pakati penipeni pakhale a Rose Chibambo. Ana amawagwira tsiku ndi tsiku pa ndalama ya K200 koma afunseni kuti ndi ndani, mumva zii. Mayi amene uja anasonkhanitsa amayi pa nkhondo yokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mu 1959 anamangidwa atangochira kumene, n'kulowa m'ndende ndi khanda kumanja. Pambali pawo pakhale a Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno. Anagwidwa mu 1981, anaweruzidwa kuti aphedwe, anatuluka mu 1993 amuna awo a Orton atamwalirira m'ndende. Ine ndikakumbuka zimenezo thupi limachita tsembwe.

Wachiwiri kwa wapampando: Awiriwo ndavomera. Koma wina asatchule a Joyce Banda. M'gulu muno muli zipani zosiyana, tingagawanike.

Aphunzitsi opuma: Bambo, sitikuchita kampeni. Mu 2012 mayi anakhala mtsogoleri wa dziko lino, patapita zaka zochepa a Ellen Johnson Sirleaf atayamba kulamulira Liberia mu 2006. Kaya munawavotera kaya ayi, zinachitika. Tikawabisa ndiye tikuwauza chiyani atsikana?

Wachiwiri kwa wapampando: Ndiye mawa wina adzati tiyikenso wa chipani chake. Tidzathera pati?

Wophunzira wa ku koleji: Makolo anga, pepani ndilowererepo. Ine ndikuona kuti nkhope zokha sizikwanira. Tilembenso malamulo, chifukwa ndi omwe mtsikana angadzitchinjirize nawo. Kuyambira 1973 mkazi sankaloledwa kuvala buluku, lamulolo linachoka mu 1993, komabe mu 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya ku Lilongwe chifukwa cha buluku lomwelo. Lamulo la 2006 limaletsa nkhanza za m'banja. La 2011 limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu asakwatiwe asanakwanitse zaka 18. Pambali pa limeneli tijambule Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, yomwe inathetsa maukwati a ana ambirimbiri n'kuwabwezera kusukulu. Mtsikana amene akukakamizidwa banja pa holide akufunika adziwe kuti lamulo lili mbali yake.

Msungichuma: Apo mwana wanga wandigwira pakamwa. Mchemwali wanga anamulanda zonse pa maliro a mwamuna wake, sitinkadziwa kokadandaula. Malamulowo alembedwe, ndi zilembo zikuluzikulu. Koma zimbudzi zithe kaye, ndiye penti.

Wapampando: Ndamva. Zimbudzi zitsogole. Aphunzitsi ndi mwana wathu wa ku koleji mukonze mawu a pakhoma, achidule, m'Chichewa. Za a Joyce Banda sitinamvane, tidzavota pa msonkhano wa Lamulungu. Amlembi, muuzeni wojambula adikire sabata imodzi.