ESG imene akufunsa a banki: tikonze chiyani ife a m'mbali mwa nyanja?

Wa ku Makawa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Masiku ano munthu ukafuna ngongole yomangira loji kapena makola a chambo m'nyanja, obwereketsa ndalama akumafunsa za ESG. Kwenikweni amayang'ana chiyani, nanga mapepala ake ndi ati?

Wa ku Monkey Bay:
Zilembo zitatuzo ndi chilengedwe, anthu, ndi kayendetsedwe ka kampani. Musaone ngati ndi chifundo ayi, mwini ndalama akungowerengera zimene zingamize ndalama zake. Nyanja itakwera mu 2024, maloji angapo kuno madzi adalowa mpaka m'zipinda, koma ngongole sidaleke kuwerengera chiwongoladzanja.

Yambirani ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zotere ziunikidwe musanakumbe maziko. Mumapereka kaye chikalata chachidule chofotokoza ntchitoyo, iwo n'kunena ngati pakufunika ESIA yonse (kafukufuku wa momwe ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe ndi anthu) kapena ndondomeko yaing'ono. Adzafunsa kuti thanki ya zonyansa za kuchimbudzi ili mamita angati kuchokera pomwe madzi adafika nyanja itadzaza, osati pomwe ali mu Okutobala. Pa makola, lembani tsiku lililonse makilogalamu a chakudya chomwe mwathira ndi nsomba zomwe zafa. Chakudya chotsala chimawola pansi n'kuchepetsa mpweya m'madzi. Ngati ndalamazo zikuchokera kunja, ambiri amatsata miyezo 8 ya IFC, nthambi ya Banki Yaikulu Padziko Lonse yobwereketsa makampani.

Wa pa Boma:
Pomwe ambiri amagwera ndi pa anthu, achimwene. Kalata ya amfumu payokha sikwanira. Pamafunika mapepala a malo motsata malamulo a malo a 2016, komanso zolembedwa za msonkhano ndi anthu a m'mudzi ndi komiti ya padoko, ya BVC ija, zokhala ndi tsiku ndi masiginecha. Mukamanga mpanda wotseka njira ya kudoko, asodzi n'kusowa pokokera bwato, amayi n'kusowa pochapira, mkanganowo umafika kwa DC ndipo wobwereketsa amaimitsa gawo lachiwiri la ndalama. Siyani njira, muijambule pamapu. Ogwira ntchito akhale ndi makontirakiti, majekete oyandamitsa pabwato, ndi penshoni: 10 peresenti abwana, 5 peresenti wantchito. Malisiti ake sungani, adzawafuna.

Wowerengera ndalama:
G, ya kayendetsedwe ka kampani ija, ndi yotopetsa koma yotchipa. Akaunti ya bizinesi ikhale payokha, osati yolipirira fizi ya ana. Mabuku awunikidwe ndi odita, satifiketi ya MRA ikhalepo, ndipo ngati mumagula simenti kwa alamu anu, lembani poyera.

Kwa ogula masheya pa Malawi Stock Exchange, mafunso ndi omwewa. Sunbird ili ndi loji ya Nkopola, Press Corporation yakhala ndi kampani ya nsomba ya Maldeco, ndiye werengani malipoti awo apachaka. Kampani iliyonse, zithunzi za mabwana akubzala mitengo muzingozidumpha. Funani manambala a madzi, ngozi za pantchito ndi milandu ya kukhoti, muyerekeze ndi a chaka chatha.