Sabata imodzi pa njinga m'misewu yafumbi: Toscana kapena Girona?

Nachisale analemba:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munapalasapo njinga m'madera a zitunda ozungulira nyanja ya Mediterranean. Ine ndi amuna anga tapeza tchuthi cha sabata imodzi m'mwezi wa Ogasiti, ngakhale kuti kuntchito angathe kutilola kuchisuntha, ndipo maganizo athu agawanika pakati pa Toscana ku Italy ndi Girona ku Spain. Mtima wanga uli pa njira ya L'Eroica, ya makilomita 209, imene imayambira ndi kuthera ku Gaiole in Chianti, ku Toscana, ndipo ndawerengera kuti tingaimalize masiku awiri popeza pamsewu wa tala timakwanitsa makilomita 100 pa tsiku popanda vuto. Njinga zathu zili ndi matayala a mamilimita 38, giya imodzi kutsogolo ya mano 42, ndipo yaikulu kwambiri kumbuyo ilinso ndi mano 42. Katundu tidzanyamula tokha m'zikwama zomangirira panjinga. Kodi mawerengedwe angawa ali bwino, kapena ndikudzinamiza?

Chimtunda anayankha:

Mayi Nachisale, mundikhululukire ndikanena mosabisa kuti mukudzinamiza ndithu, ndipo inenso ndinadzinamiza chimodzimodzi ulendo wanga woyamba. Njira imeneyo samaiyeza ndi makilomita. Mukaphatikiza zitunda zake zonse mumakhala mutakwera mamita oposa 3,500, koma palibe phiri limodzi lalitali limene mungalikwere pang'onopang'ono mpaka miyendo itazolowera. Zimene zilipo ndi tizitunda tatifupi tambirimbiri, tina totsetsereka kupitirira maperesenti 15, ndipo mukangotsika kamodzi kenanso kakudikirani.

Malo amene anandiphunzitsa ulemu ndi Monte Sante Marie, chigawo chafumbi cha makilomita pafupifupi 11.5 chimene chimayamba mukangotuluka m'tauni ya Asciano. Ndi chomwe chija anachitcha dzina la katswiri wa njinga Fabian Cancellara atapambana mpikisano wa Strade Bianche katatu, mu 2008, 2012 ndi 2016. Pa kanema akatswiri amadutsapo ngati mphepo, koma ine ndinafikapo ndi magiya ofanana ndi anuwo komanso chikwama kumbuyo kwa chishalo. Nditaimirira pa mapedulo kuti ndipeze mphamvu, tayala lakumbuyo linangozungulira pamalo amodzi n'kumwaza timiyala, ndipo nditakhalanso pansi miyendo inakana kutembenuza giya. Ndinatsika n'kuyamba kukankha, nsapato zikuterereka, thukuta likuchucha pa handulo. Pamsewu wa miyala yosagwirana munthu amakwera atakhala pachishalo kuti tayala lakumbuyo ligwire pansi, choncho pamafunika giya yopepuka kuposa imene mumagwiritsa ntchito pa tala. Sinthani yakutsogolo ikhale ya mano 38, kapena 36 ngati katundu ndi wambiri, ndipo ngati felemu ikulola, ikani matayala a mamilimita 42 kapena 45 opanda chubu. Musawapope kwambiri, chifukwa m'mitsetse yambiri msewu uli ndi timizere ngati ta malata timene timagwedeza manja mpaka zala kuchita dzanzi.

Ndikanakhala inu ndikanaigawa njirayo masiku atatu kapena anayi, kugona ku Siena, kenako ku Montalcino kapena ku Buonconvento, kuti masiku otsalawo muonereko Val d'Orcia, chigwa chimene bungwe la UNESCO linachiika pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 2004. Musade nkhawa ndi lamulo la njinga zakale. Lamulo loti njinga ikhale yachitsulo, yopangidwa cha m'ma 1987 kapena m'mbuyo mwake, ndi la tsiku lokhalo la mwambo wa pachaka wa apanjinga wa L'Eroica, umene Giancarlo Brocci anauyambitsa mu 1997 ndi anthu 92, mwa zina pofuna kuti misewu yafumbi yoyera ya kumeneko isathiridwe tala. Masiku ena onse njirayo ndi yotsegukira njinga iliyonse ndipo ili ndi zikwangwani zake.

Za Ogasiti zokhazo ndiye ndikukuletsani. Kumwera kwa Siena, kudera lotchedwa Crete Senesi, mitengo ndi yowerengeka, kutentha kumatha kupitirira madigiri 35, ndipo msewu woyerawo umabweza kuwala kwa dzuwa m'maso mwanu tsiku lonse.

Kamwendo anayankha:

Zonse zimene anena a Chimtunda ndikugwirizana nazo, koma ndikuona kuti akondera Toscana mopitirira muyeso, ndiye ndiloleni ndiyankhulireko Girona. Kumeneko simufunika kunyamula katundu n'komwe, chifukwa mukhoza kugona malo amodzi sabata yonse n'kumatulukira mbali yosiyana tsiku lililonse. Kum'mawa kuli mapiri a Les Gavarres, okhala ndi nkhalango ya mitengo imene makungwa ake amapangira zotsekera mabotolo a vinyo, ndipo mthunzi wake ndi chinthu chimene Crete Senesi alibe. Kuseri kwake kuli chigwa cha Empordà, kumene misewu yafumbi imadutsa m'minda n'kulumikiza midzi yakale yomangidwa ndi miyala monga Peratallada ndi Pals. Tsiku limene miyendo yatopa mukhoza kutsata njira ya Carrilet, imene kale inali njanji, yochoka ku Girona kukafika kunyanja ku Sant Feliu de Guíxols pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo popeza sitima sinkakwera malo otsetsereka kwambiri, magiya anuwo akhoza kukwanira osasintha kanthu.

Komabe Ogasiti ndi woipanso kumeneko, ndipo chifukwa chake sikutentha kokha. Boma la Catalonia, chigawo chimene muli Girona, lili ndi ndondomeko yopewera moto wolusa yotchedwa Pla Alfa, ndipo chiopsezo chikakwera kwambiri amatseka mapiri ena, kotero kuti woyenda pansi ngakhale wapanjinga saloledwa kulowamo. Kumwera kwa France, ku Provence, amachitanso zofanana ndi zimenezi m'chilimwe chawo, moti tsiku lililonse amalengeza nkhalango zotseguka ndi zotsekedwa. Mukhoza kukonza ulendo wabwino pa mapu n'kukapeza chipata chotseka. Chinanso ndi mphepo ya kumpoto yotchedwa tramuntana, imene ikawomba ku Empordà imachititsa msewu wathyathyathya kulemera ngati chitunda. Ine ndimayamba ndapita kumpoto m'mawa ndidakali ndi mphamvu, kuti pobwerera izindikankha kumsana.

Mupewe sabata ya mpikisano wa The Traka, umene umachitika chakumapeto kwa Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, chifukwa mzindawo umadzaza ndi apanjinga ndipo malo ogona amasowa.

Gwaladi anayankha:

Akuluakulu mwachenjeza za dzuwa, koma palibe amene watchula mvula, ndipo mayiwa akangomva kuti Ogasiti ndi woipa akhoza kuthamangira Marichi kapena Epulo. Dzina loti Crete Senesi likunena za dongo, ndipo dothi la kumeneko likanyowa limamata ngati makande. Misewu yoyera yeniyeni, imene anathiramo miyala yoswa, imapiririka ngakhale imaponyera thope loyera pa tcheni ndi mabuleki, monga mmene zinalili mu 2018 pamene Tiesj Benoot anapambana Strade Bianche nkhope yonse ili matope okhaokha. Vuto lalikulu ndi tinjira ta m'minda timene mapu a pafoni amakonda kukulowetsanimo pofuna kudula mtunda. Ine ndinalowa kamodzi m'kanjira kotere mvula itagwa usiku, ndipo pasanathe mamita 200 dongo linadzaza pakati pa tayala ndi foloko mpaka wilo inaima. Ndinakhala m'mbali mwa munda wa tirigu ndikukokota ndi kamtengo, kenako ndinanyamula njinga paphewa italemera kawiri. Pachifukwa chimenechi sindikugwirizana kwathunthu ndi matayala a mamilimita 45 ngati felemu yanu ndi yothina, popeza mpata wodutsa matope ndi wofunikanso.

Nachisale anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Takambirana ndi amuna anga ndipo tasankha Toscana, masiku anayi, chakumapeto kwa Sepitembala, ndipo giya yakutsogolo tisintha ikhale ya mano 38. Girona tiisungira chaka china. Ndamva kuti kuderako kuli agalu akuluakulu olondera nkhosa, ndipo ine agalu ndimawaopa. Kodi ndi nkhani yoona, a Chimtunda?

Chimtunda anayankha:

Ndi yoona, mayi. Ndi agalu oyera a mtundu wa Maremmano, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi nkhosa popanda mbusa pafupi, makamaka m'zitunda za pakati pa Asciano ndi Pienza. Ntchito yawo ndi kuthamangitsa chilichonse choyandikira gulu la nkhosa, choncho kuthawa ndi liwiro kumangowautsa mtima, ndipo pachitunda simungawapose. Mukawaona patali chepetsani liwiro, tsikani, ikani njinga pakati pa inu ndi galuyo, ndipo yendani modekha motalikirana ndi nkhosazo osadutsa pakati pawo. Akaona kuti mwatuluka m'dera lawo amabwerera okha.

Nthawi imene mwasankhayo ndi yokolola mphesa ku Chianti ndi ku Montalcino, ndiye m'makona a mitsetse muziyembekezera thalakitala yokoka ngolo, ndipo muzikhala kudzanja lamanja monga mwa lamulo la pamsewu la ku Italy. Onaninso kalendala musanalipire malo ogona, chifukwa mwambo wa L'Eroica umachitika kumapeto a sabata yoyamba ya Okutobala, ndipo masiku amenewo zipinda za ku Gaiole, Radda ndi midzi yoyandikana nayo zimakhala zitatengedwa miyezi yambiri m'mbuyo. Mukamaliza ulendo wanu pofika Lachitatu la sabata imeneyo mudzakhala mwazemba chipwirikiticho.