Mfuti ikumwaza zipolopolo chonsecho mkati mukuwala

Mlonda wa ku Bangula:
Moni akuluakulu nonse. Ndithandizeni nzeru pa mfuti yathu ya .308 ya bolt (chitsulo chokoka ndi dzanja polowetsa chipolopolo), ija timanyamula anthu akadandaula za ng'ona. Kale pa mamita 100 zipolopolo zinkagwera pamodzi, malo osaposa masentimita 5. Pano zoyambirira zimapita bwino, koma ndikapitiriza zimayamba kubalalika, china kumwamba china kumbali, mpaka masentimita 15. Kutsuka ndimatsuka: kansalu ka mafuta, kenako kouma, mpaka katuluke koyera. Ndikaunika ndi tochi mkati mumawala. Chondizunguza mutu, .303 yakale ya anzathu mkati mwake ndi mwakuda bii koma ikulasa pomwepo. Mukudziwa nokha kuti ng'ona imangoonetsa maso ndi mphuno, ndipo bongo wake ndi waung'ono. Ukaphonya pang'ono wangoivulaza, yalowa m'bango, mawa ikudikirira amayi padooko. Kodi mpope wa mfutiyi watha, ndilembe lipoti?

Wa ku Nchalo:
Achimwene musavutike. Pitani kwa amakaniko mukapemphe grinding paste uja amapalira mavavu a injini, mupake pakansalu, mukhule mkatimo. Mukasalala, nkhani yatha.

Madala a ku Ngabu:
Iyayi! Aphwanga a ku Bangula, musayerekeze. Ndakalambira m'chipinda cha mfuti, ndipo mipope yophedwa ndi paste ameneyo ndaiona. Yambani mwadziwa kukula kwa chimene mukufuna kupalacho. Pamwamba pa timizere topota ta mkati, mpope wa .308 ndi mamilimita 7.62. Chipolopolo chake ndi 7.82. Ndiye kuti chipolopolo n'chachikulu kuposa njira yake, chimalowa mokakamizidwa, timizere n'kudinda m'thupi mwake kuti chizizungulira. Kuya kwa timingalande pakati pa timizereto ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ngati kukhuthala kwa pepala. Paste wa mavavu amadya chitsulo cha injini. Muganiza kamzere kotereka atakasiya?

N'zoona kuti opanga mipope yabwino amaisalaza. Koma amathira mtovu wosungunula mkati kuti utenge maonekedwe a timizere, n'kupakapo mankhwala osalala kwambiri, ndipo amachita zimenezi mpope usanamalizidwe. Akatha amadula nsonga chifukwa kumapeto kumakhala kutafutukuka. Inu mudula chiyani?

Wa ku Nchalo:
Chabwino Madala, ndabweza mawu kkkk.

Mayi a ku Chikwawa:
Tisanafike ku mpope, achimwene, mwaona zomangira? Masikuluwu awiri ogwirizitsa chitsulo ku thabwa, ndi a sikopu, galasi lolozera lija. Thabwa kuno limafufuma dzinja, n'kufota mu Okutobala, sikuluwu imamasuka yokha. Tengani pepala mulowetse pakati pa mpope ndi thabwa muone ngati penapake pakugwira. Chinanso, mukuyesa nthawi yanji? Masana a ku Bangula mpweya umavina pamwamba pa nthaka, chandamale chimaoneka pamene sichili, mpope nawonso suzizira. Yesani m'mamawa, muziupumitsa.

Mlonda wa ku Bangula:
Zikomo Mayi. Masikuluwu ndi olimba, pepala likudutsa bwinobwino, ndipo ndimayesa dzuwa lisanakwere. Koma ndakumbukira: mfutiyi inakhala m'sitolo nthawi ya Freddy mu Malichi 2023. Madzi sanaifike, koma m'nyumbamo munali chinyezi kwa nthawi yaitali misewu itaduka. Madzulo ano ndaunikanso, tochi ndaipendeketsa m'malo moloza mkati mwenimweni. Pafupi ndi kukamwa ndikuona timizere tofiirira, ngati waya wa magetsi wosendedwa.

Madala a ku Ngabu:
Eyaa, mwachipeza. Umenewo ndi mkuwa, ndipo mafuta saukhudza n'komwe. Mu mpope mumatsala zinthu ziwiri zosiyana. Mwaye wa wonga ndi wakuda, ndi umene kansalu kanu kakuchotsa. Mkuwa umasupuka pachikopa cha chipolopolo, chifukwa chimadutsa pa liwiro loposa mamita 800 pa sekondi chikukhulana ndi chitsulo, moto uli kumbuyo. Kansalu kakamadutsa pamwamba pa mkuwa kamangoupukuta, ndiye kuwala kumene kukukunamizaniko.

Tsono kuchuluka kwa mkuwa kumadalira khungu la mkati. Mpope wosalala umagwira pang'ono, ndipo umafika poti sukuwonjezeranso. Wokhakhala umasenda chipolopolo chilichonse. Funsani amayi kunyumba: mphika wokalikakalika ndi umene umagwira nkhoko. Kukhakhalako kwina kumachokera ku fakitale, timikwasa tosiyidwa ndi chida choboolera, topingasa njira ya chipolopolo. Mipope yosulidwa ndi makina a nyundo pa chitsulo cholimba chamkati imatuluka yosalalirapo. Koma yanuyi inkalasa bwino kale, ndiye ine ndikuloza dzimbiri la chinyezi chija. Linasiya timaenje tosaoneka ndi maso, m'mphepete mwake muli mwakuthwa. Mkuwa ukuunjikana pamenepo mosafanana, pena wambiri pena wochepa, ndiye chipolopolo chilichonse chikupeza njira yosiyana ndi chinzake.

Chitani chonchi. Chotsani bolt, mutsukire kumbuyo, ndi ndodo yathunthu yosalumikiza. Yambani mwachotsa mwaye. Kenako pakani mankhwala a mkuwa, aja onunkha amoniya. Amene ine ndinazolowera ndi Sweet's 7.62, ndipo asakhalemo kupitirira mphindi 15. Kansalu katuluka kobiriwira ngati bulu wochapira. Pukutani, pakaninso, mpaka mtunduwo usiye. Burashi ikhale ya nayiloni. Ya mkuwa imasungunuka ndi mankhwala omwewo, mungachezere usiku wonse kansalu kakutulukabe kobiriwira, kumeneko mukutsuka burashi. Mukamaliza muumitse, mupake mafuta pang'ono, chifukwa amoniya amasiya chitsulo chamaliseche.

Wa ku Makhanga:
Madala, nanga ya .303 ija yakuda mkati koma yolasa, mwaidumpha. Ifenso tili nayo. Ndipo ndinamva akuluakulu akuti kale ankathira madzi owira mu mpope. Madzi mu mfuti, zoona?

Madala a ku Ngabu:
Zoona zenizeni, panali ndi kafanulo kake. Zipolopolo zakale za asilikali za .303 zinali ndi primer (kachipewa koyatsira wonga) ya potassium chlorate. Ikapsa imasiya mchere mu mpope, mcherewo umakoka chinyezi, ndipo susungunuka ndi mafuta koma madzi. Amene ankangopaka mafuta ankaphimba mchere, dzimbiri n'kumadya pansi. Mipope yambiri ya Lee-Enfield, mfuti za .303 zija, inada choncho. Ngati muli ndi zipolopolo zakale zoti simukudziwa chiyambi chake, makamaka za AK za 7.62x39 za m'zitini zija, zitengeni ngati zamchere: madzi otentha tsiku lomwelo, kuumitsa, kenako mafuta. Ku Makhanga kwanuko, pakati pa Shire ndi Ruo, usiku umodzi ndi wokwanira kuti mkati mufiire.

Za kulasa: mpope wakuda umatha kulasa ngati timizere tikadali takuthwa ndipo mlomo wake uli bwino. Mlomo ndiye malo omaliza kugwira chipolopolo. Ukadyeka mbali imodzi, mpweya wa wonga umatulukira kumeneko poyamba n'kukankha thako la chipolopolo. Pa .303 chodya mlomo chinali chingwe chotsukira mpope cha pull-through, munthu akamachikoka mopendeka chili ndi mchenga. Aphwanga a ku Bangula, onaninso pamenepo. Mukaombera, yang'anani mwaye pankhope ya mlomo: uzioneka ngati nyenyezi ya nthambi zofanana. Ndipo mabowo a pachandamale akhale ozungulira. Akayamba kutalika mbali imodzi, chipolopolo chikupita chogona, pamenepo ndiye mulembe lipoti lija.

Wa ku Nchalo:
Nanga bwanji AK sichita dzimbiri mkati chotere, chonsecho ndi imene imazunzika kwambiri?

Mayi a ku Chikwawa:
Zambiri mwa izo mkati anakutamo chrome. Amateteza ku dzimbiri ndipo kutsuka sikuvuta. Koma chrome sakhala wokhuthala mofanana paliponse, n'chifukwa chake opanga mfuti zopikisanirana pa chandamale amamupewa. Ndipo musaiwale paipi ya gasi ndi pisitoni, mchere uja umafika kumenekonso.

Mlonda wa ku Bangula:
Akuluakulu, ndabwera ndi zotsatira. Mankhwala ndinabwereka kwa anzathu. Nsalu zoyamba zinatuluka zobiriwira kwambiri moti ndinachita kuitana anzanga kuti adzaone. Mkuwa utachoka mkati simukuwalanso ngati kale, mukuoneka mwa mbuu, ndipo timaenje tikuoneka chapakati. Mlomo uli bwino, nyenyezi ija ikutuluka yofanana, mabowo ndi ozungulira. Pa mamita 100 zabwerera pa masentimita 5 mpaka 6. Chatsala chimodzi: chipolopolo choyamba ndikangotsuka chikupita pamwamba, chosiyana ndi zinzake. Pa ng'ona choyambacho ndiye chokhacho chimene ndili nacho.

Mayi a ku Chikwawa:
Ndi mafuta amenewo, komanso mpope woyeretsetsa suterera mofanana ndi wodetsedwa pang'ono. Mukatsuka mkuwa, pukutani mafuta onse, muombere ziwiri pachandamale, ndipo sikopu muziikonzera pa mpope wotero. Ngati zipolopolo zanu ndi zatsopano zopanda mchere, mungapite nayo kudambo ili choncho, mafuta mudzapake pobwerera. Pakamwa matanipo tepi ya magetsi kamodzi. Mpweya wotsogola umaiphulitsa chipolopolo chisanafike, ndipo imatseka matope a m'bwato ndi mavu aja omanga ndi dothi.

Madala a ku Ngabu:
Mayi anena zonse. Timaenjeto sitichoka, ndiye mpope umenewu uzifuna mankhwala pafupipafupi kuposa watsopano. Tsegulani kabuku, muzilemba zipolopolo zimene mwaombera kuchokera tsiku lotsuka, ndi pamene zayamba kubalalika. Nambala imeneyo mukaipeza, muzitsuka isanakwane. Kabukuko mukaonetsenso kwa woyang'anira mfuti wanu, kuti tsiku lopempha mpope wina pasadzakhale mkangano.

Wa ku Makhanga:
Botolo lija likatsala musabweze msanga achimwene, Lachisanu ndikuolokera ku Bangula ndi .303 yathu.