Ndabwera kuchokera ku Joni koma kumudzi ndikukhala ngati mlendo, ndithandizeni maganizo

Membala wobisa dzina:
Moni nonse pagulu pano, a admin chonde mundibise dzina. Ndine bambo wa zaka 38, kwathu ndi ku Nkhotakota cha ku Chia. Ndinapita ku Joni mu 2013, ndinayambira ku Durban kusamalira maluwa ndi kapinga panyumba ya mzungu, zipolowe za 2015 zija anzanga ambiri anakwera mabasi amene boma linatumiza kubwerera kuno koma ine ndinalimba mtima ndinathawira ku Cape Town, kumeneko ndi kumene ndakhala mpaka zaka zakwana 11. Ndabwera miyezi isanu yapitayi koma abale mtima sukukhazikika.

Mamawa 6 koloko anthu ali kale pakhonde, aliyense mwadzuka bwanji, nanga ana, nanga kumene munaliko, mapeto ake tigawireni ma randi. Ine kuja ndinazolowera kudzuka, kutseka chitseko, kuthamangira takisi osalankhula ndi munthu. Tsiku lina ndinadutsa azakhali pa mjigo ndinangokweza dzanja chifukwa ndimafulumira, mpaka lero akuti mwana uja wabwera ndi matama. Kondowole amene ndinakulira pano akunditupitsa m'mimba, ndikapempha nsima ya ufa woyera akuti wayamba chizungu. Alamu anga anatenga sipika yanga osapempha kupita nayo kuchinkhoswe, yabwera ikulira ngati chule. Filiji ndinalipira ndalama zambiri kwa transipota kudutsa Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza, magetsi kwathu sanafike, madamu akusungiramo mbale. Ana akundiitana a Mjoni. Ndikafika pa bawo pansi pa mtengo wa mango anthu amene tinkawedza nawo limodzi amangoti zii, nkhani imayambanso ndikachoka.

Chimene chikundiwawa kwambiri malume sanalowe m'nyumba mwanga chibwerereni, chemwali wanga sitikulankhulana kuyambira nkhani ya mayi ija, ndiye dzulo amfumu atumiza mnyamata kuti ndikaonekere Loweruka. Tulo sindikugona. Ndichite bwanji kuti ndizolowerenso kwathu? Kapena ndingobwerera?

Mayi wa geni pa Dwangwa:
Nde mwabwera eti? Zaka 11!! Inu matchona mumatitola ife a kuno ngati mitengo yoti mukaisiya mudzaipeza pomwepo. Anga bambo a ana anapita 2010 kunena kuti zaka ziwiri zokha ndikagule malata, ndinalera ana atatu ndi mandasi ndi usipa wouma, foni imabwera pa Khirisimasi pokha. Nde munthu ngati ameneyo adzatulukire lero azidandaula za sipika? Akazi anuwo muwathokoze kuti mwawapeza pakhomo, enafe tinatopa kudikira.

Wakabaza wa pa Boma:
Kkkkk akulu filijiyo mundigulitse. Komanso musiye eish ndi sharp sharp, nchifukwa chake ana akukusekani. Miyezi itatu mukudya utaka ndi kondowole mimba idzakumbukira yokha kwawo.

Mphunzitsi wopuma wa ku Benga:
Achimwene, mwalemba zambiri koma mwalumpha pamene pali mutu. Nkhani ya mayi ija ndi nkhani yanji? Mayi ali moyo? Ngati anatisiya, munabwera kumaliro? Amfumu saitana munthu chifukwa chosapereka moni pa mjigo. Tiuzeni kaye pamenepo kuti tisakupatseni mankhwala a mutu pamene chikuwawa ndi mwendo.

Mayi wa geni pa Dwangwa:
Aphunzitsi mukufunsanso chani, zikuonekeratu. Amenewa maliro a kumudzi amalira pa WhatsApp. Kutumiza ka 500 randi pa Mukuru basi ati ndalira nawo. Manda amakumba ndi anthu, ndalama sigwira khasu.

Mjoni mnzanu, Kempton Park:
Mayi inu musamalankhule zimene simukuzidziwa. Munthu ngati masiku a mu pasipoti anatha, ukatuluka pa boda amakudinda kuti usalowenso, ntchito yathera pomwepo. Ena tinakhalako ku Lindela, kumene amatsekera alendo opanda mapepala, tikudziwa kuwawa kwake. Ukamva uthenga wa maliro uli ku Cape Town, basi yokha kukafika Johannesburg ndi usiku wonse, kuchoka apo masiku ena awiri panjira, ukamafika anaika kale. Timalira tokha m'kachipinda ka malata, pena anthu asanu chipinda chimodzi. Ndalama zimene mumadya kumudziko zimachokera m'misozi.

Mayi wa geni pa Dwangwa:
Ndinadya ndalama ya ndani ine? Mundifunse kaye. Ngati kuli misozi bwanji simubwera? Mumajambulitsa pa galimoto za mabwana anu kutiika pa Facebook ife tiziti zikuyenda, nde lero mukuti tisapemphe? Munadzionetsa nokha ngati olemera.

Mjoni mnzanu, Kempton Park:
Mkwiyo wa amuna anu musathire pa tonse mayi.

Mlimi wa mpunga ku Bua:
Ine za mikangano ayi. Akulu ngati mwabwera ndi kenakake musasunge mu makwacha, mukukumbuka November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anasunga m'nyumba analira. Pezani dimba mulime Kilombero, mpunga wa kuno ku Lilongwe sugona pa msika. Kapena gulani matumba nthawi yokolola musunge mpaka Disembala. Munthu ukakhala ndi chochita maganizo amachepa, ndipo opempha aja ukawauza kuti ndalama ili m'munda amasiya okha. Za boti ndi injini ndisakunamizeni, ngati simukhala pagombe nokha alovi adzakudyerani.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Mayi a pa Dwangwa ine sindinataye banja, mwezi uliwonse ndimatumiza, nyumba ya malata yazipinda zitatu ndamanga, ana onse ali pa sukulu. Za mpunga ndaziganizira koma munda umene ndinkalima kale akulima ndi alamu omwe aja a sipika. Komanso simu khadi ndikugwiritsa ya madamu chifukwa chitupa cha unzika ndilibe, kalembera wa 2017 anandipeza ndili kunja.

Mphunzitsi wopuma wa ku Benga:
Chitupacho pitani ku ofesi ya NRB pa boma, mufunse fomu, imafuna kuti amfumu akuchitireni umboni, ndiye mukuona kuti amfumuwo simungawazembe. Koma funso langa simunayankhe achimwene.

Mtsikana wa ku Senga Bay:
Ine ndinakhala ku Ireland zaka zinayi pa sukulu, nditabwera ndinkakwiya ndi chilichonse, minibasi kudikira idzaze, msonkhano wa 2 koloko kuyamba 4. Ndinadzazindikira kuti pakamwa panga pamangotuluka kuja timachita chonchi, kuja timachita chonchi, anzanga anayamba kundithawa. Yesani sabata imodzi osatchula Cape Town. Ndipo azakhaliwo apitireni ndi paketi ya shuga, mukhale pa mphasa mufunse za miyendo yawo, zitha.

Mayi wa geni pa Dwangwa:
Shuga? Zaka 11 shuga paketi imodzi? Inu a ku Ireland nkhani za kumudzi zisiyeni.

Mkulu wa mpingo, Salima:
Bwererani kwa Mulungu mwana wanga, mwana wolowerera uja atate wake anamulandira. Lamulungu mukaonekere kutchalitchi, mukalowe m'gulu la abambo.

Mdzukulu wa a Theba:
Izi sizinayambe lero. Agogo anga anapita ku migodi nthawi ya Wenela, anabwera 1974 chaka chimene ndege inagwa ku Francistown n'kupha a Malawi 74, Kamuzu n'kuletsa anthu kupita. Amatiuza kuti munthu ukafika sumayamba ndi kumasula katundu. Umayamba kwa malume, malume akutengere kwa amfumu, ngati kunagwa maliro uli kutali akuperekeze kumanda ukaone pamene anagona, upepese abale amene anavutika ndi matenda. Inu mwatha miyezi isanu mukudikira malume alowe m'nyumba mwanu? Mwana ndi amene amapita kwa malume. Pitani mawa lomwe lisanafike Loweruka, musapite chimanjamanja, nkhuku ndi yokwana, ndipo kwa amfumuko musakalankhule nokha, akakulankhulireni iwowo. Jekete ya chikopa ndi magalasi akuda musiye kunyumba.

Mayi wa geni pa Dwangwa:
Apo nde mwanena. Ndipo chemwali wakeyo ndikumumvetsa ine, ndi amene amachapa zovala za odwala kuchipatala pamene wina akutumiza mavoisi noti. Ine apongozi anga ndinawasamalira ndekha mpaka kuwatseka maso, mwana wawo ali ku Joni, mpaka lero ngakhale zikomo.

Membala wobisa dzina:
Kwa malume ndipita mawa, nkhuku ilipo. Koma kodi kwa amfumu ndikatenge ndalama zingati? Ndipo za mundawo ndikazitchule komweko kapena ndidikire?

Mphunzitsi wopuma wa ku Benga:
Za munda dikirani, mukazitchula Loweruka mudzaoneka ngati mwabwerera munda. Achimwene, kachitatu tsopano, mayi ali kuti?