Ndikulephera kusiya, ndithandizeni abale

Wobisa dzina: Ndabisa dzina chifukwa apongozi anga ali m'gulu lomwe lino. Chilakolako cha kugonana chandimanga manja ndi miyendo. M'mawa ndimalumbira kuti basi ndasiya, kukada ndabwerezanso. Kuntchito andichenjeza kawiri chifukwa chosinza, ngakhale abwanawo amandida kale, anandidumpha pokweza anzanga. Mkazi wanga sakundilankhula, ndipo mlamu wanga, amene wagona pabalaza miyezi inayi osagula ngakhale sopo, ndiye amamudzaza mutu. Awa ndi matenda kapena ndine woipa basi?

Mkulu Wachilungamo: Matenda ati? Limeneli ndi tchimo, achimwene! Salani kudya masiku atatu, gwadani pansi. Masiku ano tchimo lililonse mukulipezera dzina lachipatala.

Namwino Wopuma: Pepani achimwene. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika vutoli m'buku lake la matenda, ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022. Amafufuza ngati munthu walephera kudziletsa kwa miyezi 6 kapena kuposerapo, mpaka banja kapena ntchito kusokonekera. Koma simunanene: ndi zoonera pafoni zokha, kapena mukugona ndi anthu ena? Zinayamba liti?

Mkulu Wachilungamo: WHO idzamuyankhira pa tsiku la chiweruzo?

Namwino Wopuma: Bambo, buku lomwelo limanena kuti kudziimba mlandu chifukwa cha chikhulupiriro kokha si matenda. Palibe akuchotsa pemphero. Apemphere, aonanenso ndi katswiri wa maganizo.

Mayi wa Anayi: Inu mukuti matenda, ife tinalira zaka 7. Wanga ankalira misozi yeniyeni, foni ataibisa m'nsapato. Ndinadziwira kuchipatala ndili woyembekezera. Mkazi wanuyo mwamuuza zoona? Mlamuyo musiyeni, mwina ndi yekhayo akumutonthoza.

Jokala: Gulani kafoni kamabatani, akulu. Chiwanda chimathawa chokha 😂

Mkulu Wachilungamo: Mukuseka? Ine ndisanatembenuke ndinali woposa ameneyu. Ndinasiya tsiku limodzi, popanda dokotala. TSIKU LIMODZI!

Mayi wa Anayi: Tikafunse akazi anu.

Wachete: Jokala sananame kwenikweni. Ine foni imagona kunja kwa chipinda, ndipo ndinalemba nthawi zomwe chimandigwira: ndikakwiya, ndikakhala ndekha, ndikamwa. Ndinapeza kuti ndinkathawa nkhawa, osati kufuna mkazi. Kulinso magulu othandizana a anthu a vutoli ngati Sex Addicts Anonymous, amatsata masitepe 12 ngati a anthu osiya mowa, ndipo ena amakumana pa intaneti osaonetsa nkhope. Ndinagwa kangapo ndisanaime.

Namwino Wopuma: Funso linanso: mwayamba mankhwala atsopano posachedwapa? Ena a matenda onjenjemeretsa thupi a Parkinson, monga pramipexole, amautsa chilakolako chosaletseka. Musawasiye nokha, uzani adokotala. Ndipo ngati pali anthu ena, kayezetseni HIV nonse awiri.

Mkulu Wachilungamo: Mwaona? Tsopano wolakwa ndi piritsi. Adamu anati ndi mkazi, mkazi anati ndi njoka.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Koma amayi mwandilakwira pa nkhani ya mlamu, simukumudziwa. Dzulo lomweli wavala malaya anga osapempha.

Namwino Wopuma: Achimwene, pafoni pokha kapena ndi anthu?

Jokala: Malayawo anali amtundu wanji?